Tchuthi cha pa sitima yaikulu: mzinda woyandama wa mwini mmodzi

Mu Januwale 2024, sitima yapamadzi yotchedwa Icon of the Seas inanyamuka padoko la Miami ku America itanyamula alendo kwa nthawi yoyamba. M'litali mwake ndi mamita pafupifupi 365, ili ndi nsanjika 20, ndipo ikadzaza bwinobwino imatenga alendo 7,600 ndi antchito 2,350. Anthu pafupifupi 10,000 amenewa amagona, kudya, kusamba, kuvina, ena kudwala kumene, onse m'chombo chimodzi chomwe chinakhomedwa mumzinda wa Turku ku Finland. Titanic, imene inamira mu 1912 dziko lonse n'kugwira pakamwa, inanyamula anthu pafupifupi 2,200, ndipo malo a m'kati mwake angalowe kasanu m'sitima yatsopanoyi.

Okwera Titanic anali ndi kopita: ankafuna kukafika ku New York, ambiri a iwo kukayamba moyo watsopano. Okwera Icon of the Seas amazungulira zilumba za ku Caribbean masiku 7 n'kubwereranso padoko lomwe anakwerera. Chimene alipira ndi kukhala m'sitimamo. Amene akufuna kumvetsa tchuthi chamtunduwu, chomwe pa Chingerezi amati cruise, ayambire pamenepa: sitima imeneyi ndi mzinda, koma mzinda woti nyumba zogona, msika, mabala, chipatala ngakhale misewu, zonse ndi za mwini mmodzi. Kutsika kwa mtengo wa tikiti, mbendera yachilendo imene ili kumbuyo, maola ochepa amene mumakhala padoko, zonsezi gwero lake ndi limeneli.

Bizinesiyi inabadwa chifukwa cha sitima zosowa ntchito. M'nyengo yozizira, anthu owoloka nyanja ya Atlantic ankachepa, choncho mu 1891 Albert Ballin, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya Hamburg America ku Germany, anatumiza sitima ya Augusta Victoria kukazungulira nyanja ya Mediterranean ndi anthu ongofuna kuona malo. Zinamuyendera, moti mu 1900 kampani yake inakhoma Prinzessin Victoria Luise, sitima yoyamba kupangidwira maulendo osangalala okhaokha. Kwa zaka zambiri zimenezi zinali za anthu opeza bwino kwambiri. Zinthu zinatembenuka mu Okutobala 1958, ndege ya Boeing 707 ya kampani ya Pan Am itayamba kuuluka pakati pa New York ndi Paris. Ulendo wa masiku asanu panyanja unasanduka wa maola ochepa, sitima zotchuka n'kutsala m'manja muli gwa. Zina mwa izo zinatoledwa ndi amalonda oyendetsa maulendo ochokera ku Miami. Knut Kloster ndi Ted Arison anayamba maulendo a ku Caribbean mu 1966, kampani ya Royal Caribbean inakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1972 Arison anayambitsa Carnival ndi sitima imodzi yakale, Mardi Gras, yomwe inatitimira mumchenga pa ulendo wake woyamba ikungotuluka padoko. Lero Carnival ndi kampani yaikulu kuposa zonse pa malonda amenewa. Bungwe la makampaniwa lotchedwa CLIA linawerengera okwera 31.7 miliyoni m'chaka cha 2023, ndipo ambiri a iwo anakwera sitima za magulu anayi okha: Carnival, Royal Caribbean, Norwegian ndi MSC.

Tikiti ndi chiyambi chabe

Munthu akaona mtengo wa tikiti koyamba, amadabwa kuti kampani ipindula bwanji. Pa ndalama imodzi yomweyo mumapeza chipinda chimene amakukonzerani tsiku lililonse, chakudya kuyambira m'mawa mpaka usiku, maiwe osambiramo, zisudzo ndi oimba madzulo, malo osiyako ana, komanso ulendo wopita kumayiko atatu kapena anayi. Hotela yapamtunda ya muyezo womwewo nthawi zambiri imadula kuposa apa.

Nkhani yagona pa chipinda chopanda munthu. Sitima ikati inyamuka Loweruka, inyamuka ndithu, kaya yadzaza kaya ayi. Mafuta atha chimodzimodzi, antchito alipidwa chimodzimodzi. Chipinda chimene chapita chopanda mlendo sichidzagulitsidwanso, pamene mlendo wolowa motchipa akhoza kumwa, kugula ndi kutchova juga mlungu wathunthu. N'chifukwa chake makampani amalolera kutsitsa mtengo mpaka chipinda chomaliza chitapeza munthu. Powerengera, amatenga kuti chipinda chilichonse ndi cha anthu awiri, moti ana akagona pamabedi owonjezera, malipoti a kampani amaonetsa kuti sitima inadzaza kupitirira 100 pa 100. Pa chifukwa chomwechi, woyenda yekha kawirikawiri amalipira pafupifupi mtengo wa anthu awiri.

Mukangokwera amakupatsani khadi. Khadi limeneli ndi kiyi wa chipinda, ndi chiphaso chotulukira ndi kulowera padoko, ndiponso ndi chikwama chanu cha ndalama. M'sitimamo simugwira ndalama m'manja. Mowa, zakumwa zoziziritsa kukhosi, khofi wapadera, malesitilanti ena, intaneti, zithunzi zimene amakujambulani, kusisita thupi, kuchapitsa zovala, maulendo okaona malo padoko, zonsezi mumangoonetsa khadi, ndipo pa zakumwa ndi zina amawonjezerapo 18 kapena 20 pa 100 iliyonse ngati ndalama yothokozera. Palinso ndalama ina yothokozera antchito imene imalowa yokha pabilu tsiku ndi tsiku, pa mutu uliwonse; m'makampani akuluakulu a ku America imakhala pakati pa madola 16 ndi 20. Banja la anthu anayi likakhala masiku 7, imeneyi yokha imapitirira madola 400. Pang'onopang'ono ndi mtolo: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse zimene makampaniwa amapeza limachokera pa zimene alendo amawononga atakwera kale.

Mamangidwe a sitima amatsatira ndalama zomwezi. Njira yochokera kodyera kupita kuholo ya zisudzo nthawi zambiri imadutsa m'masitolo kapena pamalo otchovera juga. Malo amenewa amatsekedwa sitima ikakhala padoko, chifukwa pamenepo malamulo a dzikolo amagwira ntchito, ndipo amatsegulidwa ikangofika pakati pa nyanja. Masiku amene sitima simaima paliponse ndiwo amabweretsa ndalama zambiri. Mapeto a nzeru imeneyi ndi zilumba zimene makampani anagula kapena kuchita lendi. Norwegian ndiyo inayamba, mu 1977, ndi chilumba cha Great Stirrup Cay ku Bahamas. Royal Caribbean ili ndi CocoCay, Disney ili ndi Castaway Cay. Mlendo amatsika, amaponda mchenga wa dziko lina, koma chilichonse chimene agule akugulabe kwa mwini sitima.

Sindikunena kuti pali kubera. Mitengo imalembedwa, ndipo munthu wodziletsa akhoza kudya bwino, kuonera zisudzo, kusambira n'kutsika asanawonjezere zambiri. Ndimaonanso kuti pali anthu amene tchuthi chimenechi chimawathandiza kuposa china chilichonse. Agogo amene sangathe kumakwera ndi kutsika mabasi ndi ndege tsiku lililonse amamasula katundu kamodzi kokha, mayiko n'kumabwera okha pawindo. Woyenda pa njinga ya olumala amapeza zikepe ndi makonde otakasuka. Banja la mibadwo itatu limadyera pamodzi madzulo, masana aliyense ali kwake. Zimenezi ndi zabwino zenizeni. Chofunika n'kuyang'ana bilu tsiku lililonse pafoni kapena pa TV ya m'chipinda, chifukwa chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Za zipinda n'zosavuta. Zotchipa kwambiri ndi zam'kati, zopanda windo; kenako zokhala ndi windo losatsegula, zokhala ndi kakhonde, ndi zikuluzikulu za anthu a ndalama. Woopa mseru asankhe chipinda chapakati pa sitima pansanjika zam'munsi, pomwe kugwedezeka kumachepa. Wofuna tulo aone kaye mapu, asagone pansi pa malo ovinira.

Mbendera ya kumbuyo

Kumbuyo kwa sitima, pansi pa dzina lake, kumalembedwa mzinda umene inalembetsedwa. Simudzaonapo Miami. Mudzaona Nassau, Panama, Valletta kapena Hamilton, kutanthauza Bahamas, Panama, Malta ndi Bermuda. Makampani enieniwo, ngakhale maofesi awo akuluakulu ali ku Miami, anakalembetsa kunja: Carnival ku Panama, Royal Caribbean ku Liberia, Norwegian ku Bermuda. Panyanja, sitima imayendera malamulo a dziko la mbendera yake. Posankha mbendera, kampani imakhala ikusankha msonkho umene idzalipire ndi malamulo a ntchito amene idzatsate. Mbali yaikulu ya kutchipa kwa tikiti ili pamenepa.

Mbendera imasinthanso ngakhale njira ya ulendo. Lamulo la ku America la mu 1886 limaletsa sitima ya mbendera yakunja kunyamula anthu m'madoko a dzikolo okhaokha osaima kudziko lina. N'chifukwa chake sitima yochoka ku Seattle kupita ku Alaska imaima ku Victoria m'dziko la Canada, nthawi zina kwa maola ochepa chabe usiku, ndipo yochoka ku California kupita ku Hawaii imapatukira ku Ensenada m'dziko la Mexico.

Anthu a pansi

Pansi pa nsanjika za alendo pali mzinda wina umene mlendo sauona. Pali khonde lalitali loyambira kutsogolo mpaka kumbuyo kwa sitima, lomwe antchito analipatsa dzina loti I-95, potengera msewu waukulu wa kum'mawa kwa America. M'menemo mumadutsa ngolo za chakudya, nsalu zochapa, zinyalala ndi masutikesi usana ndi usiku. M'mbali mwake muli makhitchini, mafiriji aakulu ngati nyumba, mochapira, makina osandutsa madzi a m'nyanja kukhala akumwa, ndi tizipinda ta antchito, tambiri topanda windo, togona anthu awiri kapena kuposa.

Ambiri mwa antchitowa amachokera ku Philippines, Indonesia ndi India. Woperekera zakudya kapena wokonza zipinda amasaina kontrakiti ya miyezi 6 mpaka 9, ndipo m'miyezi imeneyi amagwira ntchito masiku onse a pamlungu. Amapuma maola, osati masiku. Pangano la mayiko lokhudza ogwira ntchito panyanja la mu 2006, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2013, limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 aliwonse, ndi maola 77 pa masiku 7. Mlungu uli ndi maola 168. Mukachotsera 77, mupeza kuti lamulo limalola ntchito ya maola 91 pamlungu. Ndimafuna kuti aliyense wokwera sitimazi azidziwa nambala imeneyi, chifukwa munthu amene wakupatsani moni mwansangala pachakudya cham'mawa ndi yemweyo amene akukubweretserani mbale 9 koloko usiku, ndipo mwina mwana wake anamusiya akukwawa, akamupeza akuyenda.

Amapita chifukwa ndalama zake zimaposa zimene angapeze kwawo, chakudya ndi pogona salipira, ndipo zimene amatumiza zimamanga nyumba ndi kulipirira ana sukulu. Ntchitoyi anthu amailimbirana. Koma kwa operekera zakudya ndi okonza zipinda, gawo lalikulu la malipiro limachokera ku ndalama yothokozera ija. Makampani ambiri amalola mlendo kupita kukauntala kukaichotsa pabilu, ndipo usiku womaliza ena amatero. Munthu ali ndi ufulu wodana ndi mchitidwe woti kampani izisenzetsa mlendo malipiro a antchito ake. Inenso ndimadana nawo. Koma ndalamayo ikachotsedwa, amene amamva kuwawa ndi uja wakhala akuyala bedi lanu mlungu wonse. Wosakhutira adandaule kukampani, kapena asankhe kampani imene inaphatikiza kale ndalamayi mumtengo wa tikiti. M'chaka cha 2020, maulendo ataimitsidwa chifukwa cha Covid-19, alendo anabwezedwa kwawo m'milungu yochepa, pamene antchito masauzande ambiri anakhala panyanja miyezi, madoko akuwakana.

Hutala ikalira

Sitima isananyamuke, mlendo aliyense amayenera kupita pamalo amene anamuikira kuti azikasonkhana pakagwa ngozi, n'kuphunzira kuvala jekete loyandamitsa ndi kuzindikira chizindikiro cha ngozi, chomwe ndi kulira kwa hutala kafupikafupi ka 7 kenako kamodzi kotalika. Ena amaona ngati n'kutaya nthawi. Malamulo a chitetezo panyanja otchedwa SOLAS anayamba mu 1914 chifukwa cha Titanic, yomwe inali ndi mabwato opulumukira 20 okha. Lamulo loti maphunzirowa azichitika poyambirira penipeni linabwera chifukwa cha Costa Concordia. Pa 13 Januwale 2012, sitima imeneyi, itanyamula anthu oposa 4,200, inawomba thanthwe pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, kaputeni wake Francesco Schettino ataisendeza kufupi kwambiri ndi gombe. Anthu 32 anafa. Amene anakwera madzulo omwewo padoko la Civitavecchia anali asanaphunzitsidwe, popeza lamulo la nthawiyo linkalola kudikira mpaka maola 24. Schettino anagamulidwa kukhala kundende zaka 16.

Ngozi zotere n'zosowa kwambiri. Chimene chimavutitsa kawirikawiri ndi matenda. Kachilombo ka norovirus, koyambitsa kusanza ndi kutsekula m'mimba, kamafala msanga pamene anthu masauzande akugwira zitsulo za masitepe zomwezo ndi masupuni omwewo. Bungwe la zaumoyo la ku America la CDC limayendera sitima zofika m'madoko a dzikolo ndipo limalengeza poyera odwala akafika 3 pa 100 aliwonse. Kusamba m'manja ndi sopo kumathandiza kuposa mankhwala opaka m'manja aja. Dziko linaona kuopsa kwa malo otsekeka otere mu Febuluwale 2020, pomwe Diamond Princess inaimitsidwa padoko la Yokohama ku Japan ili ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 anatenga Covid-19.

M'sitima muli madokotala ndi manesi, koma chipatalacho n'cholipira ndipo sichichita maopaleshoni aakulu. Wodwala kwambiri amatsitsidwa padoko lapafupi, m'dziko limene mwina sadziwa chinenero chake, sitima n'kupitirira. Inshuwalansi yolipirira chipatala chakunja ndi ndege yobwerera si chinthu choti munthu azichita nacho mphwayi. Mayi woyembekezera amene afike milungu 24 ulendo usanathe makampani ambiri samulola kukwera. Za pasipoti ndi viza, dziko lililonse limene sitima idzaime liyenera kufufuzidwa palokha, chifukwa ena amafuna viza ngakhale kwa munthu amene sakufuna kutsika.

Maola asanu ndi atatu pamtunda

Sitima imafika padoko m'mamawa n'kunyamuka madzulo. Nthawi yobwerera imalembedwa potulukira, ndipo imatsatira wotchi ya sitima, yomwe nthawi zina imasiyana ndi ya pamtunda. Wochedwa amasiyidwa, n'kudzilipirira yekha ulendo wokaipeza kudoko lotsatira. Imadikira okhawo amene anapita pa ulendo wogulidwa kukampani, ndipo mantha amenewa ndi amene amagulitsa maulendowo pa mtengo wokwera kuposa wa eni dera.

Mlendo ndi mame, ndipo mlendo wa pasitima ndiye sachedwa n'komwe kukamuka. Amagona m'sitima, wadya kale m'sitima, akadyanso m'sitima. Oyendetsa mataxi, otsogolera alendo ndi ogulitsa ziboliboli amapezako ndithu, ndipo zilumba zina za ku Caribbean zimadalira kwambiri ndalama imeneyi, koma mzinda umalandira chikhamu chonse nthawi imodzi m'misewu yake yopapatiza. Mizinda ina yatopa. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2021, boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kudutsa m'ngalande yaikulu ya Giudecca pakati pa mzinda wa Venice. Juneau, likulu la Alaska, lomwe lili ndi anthu pafupifupi 32,000, linagwirizana ndi makampani kuti pasamafike sitima zikuluzikulu zoposa zisanu patsiku. Greece inaika msonkho wa mayuro 20 pa mlendo aliyense wotsikira ku Santorini ndi Mykonos m'miyezi imene alendo amachuluka.

Palinso utsi ndi madzi oipa. Sitima imafuna magetsi a mzinda wathunthu, choncho majenereta ake amalirabe ili padoko, pokhapokha dokolo likhale ndi magetsi oilumikiza. Kuyambira mu 2020, bungwe loona za panyanja la IMO linatsitsa salifa wololedwa m'mafuta, yemwe amaipitsa mpweya akapsa, kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 pa 100. Sitima zambiri zinangoika makina otsuka utsi, ndipo ambiri mwa makinawa amathira madzi otsukirawo m'nyanja. Zatsopano, monga Icon of the Seas, zimayendera LNG, gasi woziziritsidwa mpaka kukhala wamadzimadzi, amene utsi wake ndi woyera, koma mpweya wa methane wa m'gasiyu ukathawa osapsa umatenthetsa dziko kwambiri. Mu 2016, kampani ya Princess Cruises inalola kulipira chindapusa cha madola 40 miliyoni ku America itavomera kuti sitima yake ya Caribbean Princess inkataya madzi amafuta m'nyanja kudzera m'paipi yobisika. Amene anaulula anali injiniya wa m'sitima momwemo.

Usiku womaliza, alendo amaika masutikesi panja pa zitseko zawo, ndipo antchito amawatuta usiku wonse kupita nawo pansi. Bilu yonse imafika m'bandakucha. Pofika cha m'ma 10 koloko m'mawa alendo onse amakhala atatsika, malole a nyama, ndiwo zamasamba, mazira ndi zakumwa ali pamzere padoko, zinyalala zikutuluka mbali ina. Wokonza zipinda amakhala ndi maola ochepa oti avule mabedi onse a m'chigawo chake, akolope, ayalenso. Masana alendo atsopano amayamba kulowa ndi makhadi awo, ndipo dzuwa lisanalowe hutala imalira, zingwe zimamasulidwa, sitima n'kuloza kunyanja. Kwa wokonza zipinda uja, limakhala Loweruka limodzi mwa Maloweruka 26 mpaka 39 a kontrakiti yake.